Makombola a a Gondwe, Nkhuku Zanga

Lolemba

Phaa! Phuu! Khirisimasi sinafike, koma Zolozolo yense, dera lathu kuno ku Mzuzu, akununkha kale onga. Makombola!

Nkhuku zanga zoikira zikulumpha mpaka kugunda denga la khola. Nkhuku ikadzidzimuka siikira. Izi sindinaphunzire ku koleji, ndinaphunzira m'zitosi. Lero mazira osadzaza n'thireyi yomwe. A Nyachirwa ophika makeke, kasitomala wanga wamkulu, andiuza poyera: "Mukalephera sabata ino, adada, ndisamukira kwina."

Wogulitsa ndikumudziwa. A Gondwe, oyandikana nawo mpanda, pa okala yawo ya kumsewu. Lamulo loletsa lilipo, koma ndi lofewa ngati nthochi yogonera. Ndilikhwimitsa ineyo.

Lachiwiri

Ndili kwa a Mkandawire, a tcheya a komiti ya chitetezo cha m'dera. Ine sindizungulira ngati minibasi yosaka anthu. Zofuna zanga:

wogulitsa alandidwe katundu yense,
wophulitsa afukule ngalande ya mumsewu wathu, masana, anthu akuona,
za "pepani" tisamve.

A tcheya akuti: "Yewo chomene, adada, tikambirana."

Kukambirana chiyani? Nkhuku zimadikira msonkhano?

Lachitatu

Msonkhano. Mvula yamawawa chiyambire m'mawa. Pemphero lotsegulira lalitali kuposa nkhani yomwe tabwerera.

Ndikulankhula bwino kwabasi. Tebulo ndalimenya, botolo la madzi la a tcheya lagwa, palibe kanthu. Mayi wina akuti wolakwa koyamba azingochenjezedwa. Ndikukana kwamtuwagalu: palibe koyamba, ngakhale akhale mkulu wa mpingo! M'manja mukulira. Lamulo ladutsa.

Kenako funso: katundu wolandidwayo azisungidwa kuti? A tcheya akuti kwawo kuli zidzukulu. A sekilitale akuti denga lawo limadontha. Maso onse kwa ine. Ndinaiwala mwambo wa makomiti a kuno: ukatsegula pakamwa, wasankhidwa.

Chabwino. Ine si wamantha.

Lachinayi

Tsiku lolanda! Komiti yonse pa okala. Ndimayembekeza mkangano, mawu ndakonza kale. A Gondwe akungotulutsa katoni uku akumwetulira: "Tengani, asibweni, ngonyowa awa."

Kumwetulirako sindikukukonda.

Wa kabaza wanjinga yamoto akukana kundinyamula: "Bomba yayi, adada." Ndikusenza ndekha pamutu, mvula ili wawawa. Kunyumba amake Tiwonge aima pakhomo manja m'chiuno: "Zimenezo m'nyumba mwanga sizilowa." Katoni yagona pakhonde.

Koma tamverani bata lake! Nkhuku zikutetera ngati kwaya. Mazira achulukako. A Nyachirwa ndawatumizira uthenga akonzeretu ufa.

Lachisanu

Mlandu wa a Gondwe. Abwera atavala jekete.

Akuti: "Kombola losaphulika ndi pepala chabe. Kugulitsa pepala ndi mlandu? Yesani."

A tcheya akuyatsa limodzi. Fuuu, kautsi, basi. Lachiwiri osayaka n'komwe. Anthu chikhakhali, mpaka a sekilitale kupukuta misozi. Chigamulo: popanda umboni wophulika palibe mlandu, katundu abwezedwe. Ndikudumpha! Ndapempha tsiku limodzi, andipatsa. Tiyesanso mawa madzulo.

Makombolawo ofunika kuumitsa basi. Koma dzuwa la Mzuzu mwezi uno limangobwera kudzapereka moni.

Loweruka

Malo ouma ndi ofunda pakhomo pano ndi amodzi: m'khola, momwe muli mbaula yofunditsa anapiye. Ndayala makombola pathumba, patali ndi moto ndithu, nzeru ndili nazo. Ndikutuluka kukamwa tiyi pang'ono.

Mayo ine!

Phaphapha! Phuu! Psiii! Khola lonse likuthwanima, lobiriwira, lofiira. Zomwe ndaona ndi maso angawa:

lata limodzi likunyamuka lokha,
nthenga mpaka mu kapu yanga,
agalu a m'dera lonse akuthawira ku dera la Geisha,
kwaya ya amayi kutchalitchi ikudukiza nyimbo pakati,
nkhuku zoikira, zonenepa zija, zikuuluka kudumpha mpanda ngati nkhunda.

Anapiye amoyo, adzipanikiza pakona. Chisomo.

Komiti yafika yosaitanidwa, koyamba kusunga nthawi. A tcheya akuyang'ana utsi, akuyang'ana ine: "Umboni taumva, adada. Nanga waphulitsa ndi njani?"

A Gondwe ndi olakwa, inde. Chilango chawo: kulandidwa katundu. Analandidwa kale. Atha nazo.

Wophulitsa: ngalande.

Ndikunena mwaulemu kuti kwa ine n'koyamba. Mayi uja akufunsa ngati ndine woposa mkulu wa mpingo. Amake Tiwonge, m'malo mondiikira kumbuyo, akufunsa komiti ngati ngalandeyo ingayambire pakhomo pathu, pamadikha madzi.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni ndi manja awiri, uku akubisa kuseka. Ndikuwaona.

Ngalande ndi mawa. Fosholo ndilibe.

M'khola dzira ngakhale limodzi mulibe. A Nyachirwa andipeza pageti: "Pepani chomene, adada, mazira ndapeza kwina." Kwina kuti? Akuyang'ana pansi. Akuloza mpanda.

Ndikusuzumira. Nkhuku zanga zili phee m'maluwa mwa a Gondwe, zikutetera, ndipo a Gondwewo akutolera mazira m'beseni. Akundikwezera dzanja: "Nkhuku n'zanu, asibweni, bwerani mudzatenge. Koma dzira ndi la pomwe lagwera. Fosholo mukafuna ilipo."

Fosholo ndalandira.

Nkhukuzo zikhale kaye komweko mpaka ndikhome lata. Sindingaziimbe mlandu. M'dera muno nyumba yomwe inaphulitsapo makombola chikhwimitsireni lamulo ndi imodzi yokha, ndipo zikuidziwa.