Nkhondo ya Nthudza za M'firiji

Tcherani makutu, inu nonse amene munawoloka nyanja zamchere ndi ufa m'sutikesi, pakuti ndikunena za chilimwe chija cha ku Indiana, pamene dzuwa linkanyinyirika kulowa, ndipo Amalawi a ku South Bend ndi a ku Indianapolis anakumana m'paki kukumbukira ufulu wa dziko lawo, osadziwa kuti mtendere ugwedezeka ndi kachipatso kochepa ngati nandolo.

Mwini nkhondoyi anali Bambo Shadrick, Njovu ya ku South Bend, Mlonda wa Miyambo, Wosadya Mpunga Madzulo. Chuma chawo chinali chimodzi: mbiri yoti kwawo ku Dowa sanakuiwale, ngakhale anachokako tsitsi lidakali bii. Popita kupakiko anaima pasitolo ina mumsewu wa Lafayette, napeza m'firiji phukusi lolembedwa kuti bilberry. Ataona tizipatso takuda tili m'menemo analigula, ndipo anafika pakati pa khamu atalinyamula m'mwamba ngati mutu wa mdani.

"Ana inu obadwira m'chipale, bwerani!" anafuula. "Lero mulawa zimene tinkadya ife pobwera kusukulu. Azungu akuti bilberry, koma tanthauzo lake ndi nthudza!"

Apo anadzuka mlamu wawo, Mayi Vainess, Mkango Waukazi wa ku Indianapolis, Wobaya Jakisoni Osaphethira, foni ili m'manja ngati chishango.

"Alamu, ndatcheka pano," anatero. "Bilberry ndi dzina la tizitsamba tatifupi ta kumayiko ozizira, tosafika n'komwe m'bondo. Abale ake ndi blueberry, cranberry ndi huckleberry. Nthudza ndi mtengo waminga. Musawakonfyuze anawa."

Ha! Paki inagawanika. A ku South Bend anaima kumbuyo kwa Njovu yawo, a ku Indianapolis kumbuyo kwa Mkango, ndipo nkhuku zinapserera pamoto chifukwa wozitembenuza anali atalowa usilikali. Kunena zoona, Bambo Shadrick mantha anawagwira, poti kugonja pamaso pa ana kukanatanthauza kuti kwawo anakuiwaladi. Koma mwamuna sauzidwa.

"Foniyo inakwerapo mumtengo?" anabangula. "Inalasidwapo ndi minga? Nthudza siiweruzidwa ndi Google, alamu. Nthudza amaifikisa m'manja, ifewe, itsekemere. Penyani!"

Anatapa chipatso chodzaza dzanja, chimene chinali chitasungunuka kale ndi dzuwa, nachifikisa ndi mphamvu zonse za ubwana wawo. Nthudza ikafikisidwa imapirira. Bilberry ilibe ulemu umenewo. Inangoti phwa! Madzi a mtundu wa pepo anathovokera pamalaya oyera a tchalitchi, pachibwano, mpaka pansapato. Njere zolimba zija, zimene mwana aliyense wa ku Dowa amalavula monyadira, munalibe. Ngwazi inaima manja ali m'mwamba, ikudontha.

Komabe ananyambita chala, nafunafuna pa lilime kukoma kwa kwawo. Chimene chinawawawa si malaya ayi. Anazindikira kuti sakudziwanso chimene akufunafunacho.

Mayi Vainess anaiona nkhopeyo, naika foni m'chikwama.

"Alamu," anatero motsitsa, "inetu mukanandifunsa kuti nthudza imakoma bwanji, bwenzi nditangokhala chete. Ndikukumbuka minga yokha. Inu bola manja akukumbuka."

Natambasula dzanja lawo. Bambo Shadrick analigwira ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ndipo Mkango unapakika pepo mpaka m'chigongono.

Pamenepo mkulu wa mpingo, Bambo Hamilton, analengeza pangano losatha: kuti kuyambira tsikulo bilberry si nthudza, koma ndi mlamu wa nthudza, wokwatiwa kutali, ndipo azipatsidwa ulemu wa mlendo. Popeza Mmalawi sangalandire mtendere popanda kugwirana chanza, magulu ankhondo awiriwo anandanda pamzere, aliyense napatsa moni aliyense, mpaka panalibe dzanja loyera m'paki monse. Amayi analulutira, nyimbo ya fuko inaimbidwa, nkhuku zopserera zinadyedwa ngati nyama ya chigonjetso.

Ndipo ana aja obadwira m'chipale, amene sanaionepo Dowa, anatha phukusi lonse. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponya chipatso m'kamwa asanayambe wachifikisa m'manja.