Mayina Asanu ndi Atatu a aBartolomeyo

Ku Nkholongue mukatchula aBartolomeyo, anthu amayamba aseka, kenako n'kuyang'ana kumbali. Anali munthu wosataya kanthu. Ukonde ukatha ankaupinda n'kusunga. Nkhafi ikathyoka inkakatsamira kuseli kwa nyumba pamodzi ndi zinzake makumi awiri. Tsiku lina mafunde analavula nsapato imodzi ya kumanzere, iwo n'kuitola, kuitsuka, kuipachika pakhonde.

"Inzake ili kuti?" anafunsa akazi awo, aRebeka.

"Mwini wake akubwera."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma inali nthawi ya nkhondo, njira za kumtunda zitadzaza mabomba okwirira, ndipo pasanathe zaka ziwiri nsapato ija inapezadi mwini.

ABartolomeyo anali mkamwini wochokera ku Lunho, koma mudzi wonse unkawatcha aMesitiri, kutanthauza mphunzitsi, chifukwa ndiwo anali ndi timu ya mpira, dzina lake Mwera. Mpira wake unali wa zigamba zokhazokha, ukadunda sunkadziwika kolowera. Ndipo monga sankataya nkhafi, sankatayanso wosewera. Mwera inali ndi anthu makumi atatu ndi mmodzi. Munali goloboyi wa diso limodzi amene ankangotchinga mbali imene akuona. Munali nkhalamba ina imene inasiya kuthamanga Apwitikizi asanachoke, koma Lamlungu lililonse dzina lake linkaitanidwa, iyo n'kuyankha ili chogona pansi pa mtengo.

Amene ankawadziwa bwino aMesitiri anali Hemedi, msodzi wa chifuwa ngati bwato, wotchinga kumbuyo komanso kaputeni wa Mwera kwa zaka khumi. Iye ndiye ankadula mitengo ya magoli chiswe chikadya. Iye ndiye ankasoka mpira uja. AMesitiri akadwala malungo, iye ndiye ankawanyamula kumsana kupita nawo kubwalo kuti asaphonye masewera. Mkazi wake Anifa ankanena kuti anakwatiwa ndi amuna awiri, ndipo wamkulu wake ndi aBartolomeyo.

M'chaka cha 85 kunabwera mkulu wina wa zamasewera, kamarada Virgílio, munthu wa kumwera wolankhula Chinyanja chodumphadumpha. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la sukulu n'kunena kuti ku Metangula kwatsegulidwa kampani ya nsomba, ndipo kampaniyo ikhala ndi timu yake.

"Osewera atenga kuti?" anafunsa aMesitiri.

"Kwa inu. Nkholongue, Lunho, Maniamba, Chuanga. Timu iliyonse ilembe mayina asanu ndi atatu amene ikusunga. Mwa otsalawo titolamo atatu." Anafotokoza kuti nzeruyi anaimva kwa mzungu wina wa ku Kanada. Kumeneko, akuti, kuli masewera a pa madzi ouma gwa ngati mwala, amuna amatsetsereka atavala mipeni kumapazi, kumenya kanthu kakuda ndi ndodo. Timu yatsopano ikabadwa, matimu akale amaipatsa anthu mwa njira imeneyi kuti isayambe ili khanda.

AMesitiri anakanda m'mutu. "Ndiye mwatitengera malamulo a anthu oyenda pamadzi? Ine woyenda pamadzi ndimadziwa mmodzi yekha, kamarada, ndipo iyeyo pa anthu ake khumi ndi awiri sanachotsepo ngakhale Yudasi."

"Loweruka ndikufuna pepala," anatero Virgílio.

Sabata imeneyo aMesitiri anaonda. Ankalemba, kufufuta, kulembanso, ndipo mapepala ofufutidwawo ankawasunganso. Loweruka anapereka pepala la mizere isanu ndi itatu. Virgílio anawerenga mzere woyamba.

"Shamsu Ibrahimo Valentim. Ndi munthu mmodzi ameneyu?"

"Mmodzi."

"Aimirire."

Anaimirira atatu.

"Kutchalitchi kwathu zimenezi sizidabwitsa munthu," anatero aMesitiri.

Virgílio anawapatsa mpaka masana. AMesitiri analembanso, tsopano dzina limodzi pamzere, ndipo pambali pa dzina lililonse anaikapo chifukwa chake, kuti boma lidziwe kuti sanasankhe mwachibwana. Shamsu, satopa. Ibrahimo, saopa munthu. Dionísio, amadumpha ngati mphaka. Koma malo anatha Valentim asanalowe, mnyamata wa mwendo wamanzere amene akathamanga fumbi linkamutsatira mochedwa. AMesitiri anamukokera Virgílio kuseli kwa sukulu ndipo anakhalako nthawi yaitali.

Hemedi anali phee, manja atapinda. Sanade nkhawa. Pamene mayina osungidwa ankawerengedwa, ankangodikira lake. Lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Linafika lachisanu ndi chitatu, ndipo silinali lake. Anamva m'makutu mukulira ngati wamira.

"Tagwirizana ndi aMesitiri kuti Valentim timusiye," anatero Virgílio, akulemba dzinalo pansi pa enawo n'kudindapo chidindo. "M'malo mwake Nkholongue ipereka anayi." Anatchula atatu. "Ndi Hemedi, basela."

Basela, kakuwonjezera kamene mayi wogulitsa usipa amaponya pamulu kuti wogula asapite kwina. Anthu anayesa kudzigwira, koma wina anaphulika ndi kuseka kumbuyo, bwalo lonse n'kutsatira. Dzinalo linamumatirira mpaka lero. Hemedi anayang'ana aMesitiri. Iwo anali otanganidwa kutola kamsomali kadzimbiri pansi.

Timu yatsopanoyo anthu anaitcha Makombo. Onse anali otayidwa kwawo, ndipo palibe chimene chimagwirizanitsa amuna ngati kunyozedwa tsiku limodzi. Masana ankathira mchere nsomba kukampani, aliyense ndi khadi lake la ntchito m'thumba. Madzulo ankathamanga pamchenga osayankhulana, aliyense akutafuna dzina la mphunzitsi wake. Anagonjetsa Chuanga. Anagonjetsa Lunho. Ku Maniamba sanapite chifukwa msewu unali utatsekedwa ndi nkhondo. Kenako linafika tsiku la Nkholongue.

Mwera inapezeka kuti ili ndi othamanga asanu ndi anayi ndi agogo awiri, popanda wotchinga kumbuyo ngakhale mmodzi. Makombo anamwetsa zigoli zinayi. Chachinayi anamwetsa Hemedi ndi mutu, ndipo sanavine, anangoima kuyang'ana pansi pa mtengo pamene aMesitiri anakhala.

"Zitatu kwa chimodzi," analengeza aMesitiri masewera atatha.

"Zinayi kwa duu," anatero Virgílio.

"Hemedi ndi wanga. Ndinangomubwereketsa. Chigoli cha munthu wanga ndi changa."

Hemedi anamva, nalavula pansi. Kuyambira tsiku limenelo sanawapatsenso moni. Akawaona kunjira ya kumtunda ankadzera kunyanja.

Miyezi inayi itapita, m'mawa wina anthu akuyanika usipa, kunafika bwato la injini ndi asilikali olemba anthu usilikali. Nthawi zonse akamva injini anyamata ankathawira kuphiri, asilikali n'kubwerera ndi aliyense amene amupeza. Ulendo uno sanathamangitse munthu. Mkulu wawo anakhala pampando, anatulutsa pepala la chidindo, n'kunena kuti aliyense wolembedwapo akapanda kuoneka atenga bambo ake.

"Shamsu, satopa," anawerenga. "Ibrahimo, saopa munthu."

Pepalalo linachoka bwanji mu ofesi ya zamasewera, palibe anadziwa. Koma aliyense anadziwa dzanja limene linalemba. Anatenga onse asanu ndi atatu, ndi Valentim wapansi uja. Hemedi anali pomwepo, atabwera kudzaona ana. Anaonetsa khadi la kampani, msilikali n'kumukankhira kumbali osamuyang'ana kawiri.

AZainabo, mayi ake a Shamsu, anayenda mpaka pamene anaima aMesitiri. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga mwamusunga bwino, aMesitiri. Zikomo."

M'mawa mwake aBartolomeyo anayenda wapansi mpaka ku Metangula atatenga pepala lina. Anakapempha kusintha. Anati ali ndi osewera khumi ndi asanu ndi atatu otsala, awatenge onsewo abweze asanu ndi anayi aja, ndipo iwo eni alowe ngati basela. Asilikali anaseka mpaka mmodzi anagwetsa fodya. Anawapatsa madzi akumwa n'kuwaonetsa njira.

Mpira sunaseweredwenso ku Nkholongue, koma Lamlungu lililonse iwo ankapitabe kubwalo kukaitana mayina onse makumi atatu ndi limodzi. Uthenga unabwera kuti Shamsu wafa pa msewu wa ku Lichinga. Dzina lake silinachotsedwe. Za Valentim sizinamveke konse. Anthu anayamba kutseka zitseko ikakwana nthawi yoitana mayina.

M'chaka cha 89 aMesitiri anagona osadzukanso bwino. Anifa ndiye anamukankha mwamuna wake. "Pitani. Mukapanda kupita mudzandivutitsa ine moyo wonse."

Hemedi anawapeza pamphasa pakhonde, atatha ngati nsomba youma. Anakhala pansi. Zaka zinayi anali akusula mawu oti adzawalase nawo, koma ataona nthiti zija mtima unamugwa, ndipo anaganiza zowapatsa njira yotulukira.

"AMesitiri, anthu ena akuti munadziwa. Akuti munandisiya dala kuti ndipulumuke, poti ndili ndi ana."

AMesitiri anatsegula diso limodzi. "Akunama. Ndikanadziwa ndikanalemba ine ndekha kasanu ndi katatu."

"Nanga munandisiyiranji?"

"Unali wochedwa, Hemedi. Potembenuka unkachita ngati ngalawa yodzaza chinangwa."

"Zaka khumi ndinakunyamulani kumsana."

"N'chifukwa chake ndinadziwa. Tinkafika masewera atayamba."

Hemedi anaimirira kuti azipita. Dzanja lowuma linamugwira kuchidendene.

"Koma sindinakutaye. Ndinakubwereketsa. Amene ndinataya ndi aja ndinasunga."

Anamwalira patapita masiku atatu. Pamaliro panalibe anyamata onyamula bokosi. Analinyamula goloboyi wa diso limodzi, nkhalamba ziwiri, ndi Hemedi, Msilamu, kutsogolo kudzanja lamanja, mpaka kumanda a Akhristu. AZainabo sanabwere, ndipo palibe anawadzudzula. Mwa asanu ndi anayi aja, nkhondo itatha anabwerako atatu.

Masiku ano bwalo lija ndi munda. Lamlungu masana mudzi umangoti zii, palibe wofuula mayina, palibe wokangana ndi boma pa nkhani ya zigoli. Anthu amati mpumulo, koma amanena motsitsa. Hemedi wakalamba, bondo limamuvuta, ndipo mukamufunsa za aBartolomeyo amati anali munthu wouma mtima ndi wabodza, n'kusintha nkhani. Komabe njira yake ya kumunda imadzera kumanda, ngakhale ilipo yachidule. Akayandikira mtumbira uja amawongola msana, amafulumiza mapazi, amadutsa pafupifupi chothamanga, khasu likugwedera paphewa. Akakhota pamene manda saonekanso, amakhala pamwala n'kupuma wefuwefu nthawi yaitali.