Mpando Nambala Wani

Lolemba

Tikiti ndagula! Ulendo ndi wa Lachisanu, koma ine ndagula lero, pa foni, ndili khale kuseri kwa khitchini ya loji. Basi yapamwamba ya ku Lilongwe, yonyamukira ku Mzuzu. Mpando nambala wani, pawindo. Zaka zonse zimene ndaphikira azungu kuno ku Kande ndaphunzirako chimodzi: munthu wanzeru saima pamsewu n'kumakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

Loweruka m'mawa Wezi, mwana wanga woyamba, akulandira satifiketi ya unamwino. Makadi olowera muholo wasunga awiri okha, langa ndi la amake. Pamene azimutchula dzina ndiyenera kukhalapo, ndione ndi maso angawa.

Amake Wezi akana kuti ndiwagulire. Akuti: "Basi yoti sindinaione, ndiilipire? Ine ndikaima pa Chintheche, chobwera ndikwera." Adzapita ndi mchimwene wawo, alamu anga a Kamanga, amene akukagula ukonde. Asiyeni. Akandipeza nditasamba kale.

Lachiwiri

Uthenga wa tikiti ndaonetsa anzanga a ku loji. Ndaonetsanso pogulitsira nsomba, kuchigayo, ndi kumsonkhano wa abambo kutchalitchi. Si matama ayi, ndi kuphunzitsa anthu.

A Longwe, mkulu wa mpingo: "Ndiye Lachisanu ndithu, ada? Zosasintha?" Ndati zosasintha, zinalembedwa. Agwedeza mutu, maso ali kudenga. Uthenga walowa!

Lachitatu

Kwacha ndi odi pakhomo. Zikuoneka kuti mudzi wonse uli ndi m'bale ku Lilongwe, ndipo abale onsewo ali ndi njala. Zafika:

thumba la ufa wa kondowole la a Longwe, la mwana wawo wa ku Kawale;
dengu la usipa wouma;
nsomba za batala zowamba zochokera kwa mayi busa;
mutu wa makina osokera;
bakha. Wamoyo!

Aliyense akuti: "Kakatundu kakang'ono, ada. Yewu, zikomo." Kukana? Anthu amenewa ndi amene anakumba manda a bambo anga. Wezi popita kusukulu ndi iwo anamulongedzera sopo ndi shuga. Komanso basi yapamwamba ili ndi mimba yaikulu. Palibe vuto.

Lachinayi

Kwabweranso mphasa ziwiri ndi chigubu cha uchi. Bakha waboola thumba la a Longwe, ndasoka.

Amake Wezi apakira kachikwama kamodzi. Owafunsa tsiku la ulendo akuwayankha kuti "tiona mmene kuchere". Palibe wawapatsa ngakhale singano. Ndiye kuti anthu a kuno akamangosowa m'mudzi, n'kudzamveka ali kale pa Dwangwa, si kupanda ulemu ayi? Ndiganizira bwino ndili pawindo.

Suti ndasita. Nsapato zikuwala.

Lachisanu

Minibasi ya ku Mzuzu. Kondakitala akuti: "Mukusamuka, bwana?" Pa Mpamba bakha wajompha mayi wina khutu. Ndapepesa m'zinenero zitatu.

Ndafika nthawi yabwino, monga munthu wa dongosolo. Pakhomo la basi pali mayi wa yunifolomu: "Bambo, chikwama chimodzi basi. Nsomba ayi, ziweto ayi." Ndamuonetsa tikiti. "Tikitiyo ndi yanu, si ya bakha." Akuti katunduyo ndisiye. Ndisiyire ndani? Ndikakhala bwanji benchi limodzi ndi a Longwe? Mayi busa ndikawauza chiyani?

Basi yanyamuka. Mpando wanga ndauona ukudutsa, wopanda munthu, katani wake wokongola.

Kudepoti tsopano. Basi wamba sikana kanthu, kungoti sinyamuka isanadzaze. "Tatsala pang'ono, bwana." Dzuwa lapendeka tikadatsala pang'ono pomwepo.

Uthenga wa amake Wezi: afika, akudya. Akuti anakwera minibasi, kenako galimoto ya munthu wina pa Nkhotakota. Mwayi chabe, si nzeru. Ife tifika mbandakucha, nthawi ilipo.

Loweruka

Kwatichera ku Chikangawa, pakati pa mitengo ya paini. Basi yafa. Chitsulo chake akuti chikuchokera ku Mzuzu. Kuzizira kwake! Munthu wa kunyanja sanalengedwere zimenezi. Ndafunda mphasa ya eni pamwamba pa suti.

Ndaima pamsewu, ndikukupiza dzanja. Magalimoto akuima ndithu, koma akaona katundu akupitirira.

Foni ya amake: "Tikulowa. Khadi lanu tapatsa achimwene, lisapite pachabe." Ndati chabwino. Si chabwino. Ndakhala pa thumba la kondowole. Mwana ameneyu ndinkamuberekera kusukulu mvula ikadzaza mtsinje.

Ndafika madzulo, pamwamba pa lole ya mbatata. Wezi wandichingamira, wandikumbatira ndi fungo langa lonse la usipa. Gauni anabweza kale, inali ya hayala.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, ndikugawa katundu. Mwana wa a Longwe akuti ufa ukuoneka wochepa. Wa makina osokera akufunsa kuti miyendo yake ili kuti. Woti alandire bakha anasamukira ku Blantyre chaka chatha.

Kugula tikiti nthawi ikadalipo ndi nzeru, pamenepo sindisintha. Koma nzeru zina zimafuna munthu wopanda abale.

Masana Wezi wakhala nane pakhonde, wandionetsa kavidiyo pa foni ya amake. Akumuitana dzina, ndi dzina la bambo anga kumapeto kwake. Akuyenda bwinobwino, wavala gauni, mutu uli m'mwamba. Kenako mawu aakulu kumbuyo: "Mwana wangu! Mwana wangu uyo!" Ndi alamu a Kamanga, aima pampando wanga, holo yonse ikuwaombera m'manja.

Ndalira, sindibisa.

Wezi akuti: "Ada, ndikutumizirani, koma ndiyambe ndadula pamene akukuwa amalumepo."

Ndamuuza kuti asadule. Munthu uja anakuwa bwino, mmene ndikanakuwira ine.