Bokosi lomwe linandiikira umboni

Anzanga, inu mumati mboni yoopsa ndi munthu? Ine ndinagonja pamlandu chifukwa cha bokosi.

Nthawi imeneyo ndinali mtengatenga ku Likhubula, ndipo pakati pa anzanga onyamula katundu woyambitsa nyimbo ndinali ine. Kunabwera mzungu wina wodzakwera phiri, ali ndi bokosi lokhala ndi lipenga lalikulu. Womasulira wake, bambo wachiyao wovala kofia, anandiuza kuti bwana akufuna ndiyimbire m'lipengamo, bokosilo limeza mawu anga n'kuwasunga pa phula. Ine ndinaseka. Chinthu chopanda makutu chingamve chiyani?

Ndinayimba ya kuphiri, inatha, mzungu akupukusabe chogwirira cha bokosilo n'kumandikodola kuti ndipitirize. Nyimbo zitandithera ndinangopeka yanga, ya apongozi anga aakazi, a Nachisale, amene ndinkakhala pamudzi pawo ngati mkamwini. Ndinayimba kuti mowa wawo ndi madzi otsukira mbiya, kuti akamaseka nkhuku zimathawira kudambo, kuti mkamwini wawo amalima ngati ng'ombe koma amadya ngati mlendo. Anzanga anagubuduka ndi phwete, ine n'kumadzimva kukoma.

Patapita masabata, mzungu uja anaima pamsika pa Chonde n'kuyamba kuonetsa anthu chodabwitsa chake. Ine ndinali pomwepo, ndikugula mchere ndi mkazi wanga. Ndinangomva mawu anga akutuluka m'lipenga, opyapyala ngati a munthu wachimfine, koma dzina la a Nachisale likumveka bwinobwino. Eni dzinalo anali chapafupi, akugulitsa mowa womwewo.

Ankhoswe anakhala pansi mawa lake, nkhani ili yoti ndilongedze mphasa yanga ndizipita kwathu. Mkazi wanga sankandiyang'ana n'komwe. Ine poganiza kuti ndachenjera, ndinati pa Chonde sindinatsegule pakamwa, aliyense anandiona, wotukwana ndi bokosi, akaliitane. Ndinkadziwa kuti mzungu sangabwere pamlandu wa mkamwini.

Anabwera. Anamva kuti akuluakulu akufuna kumva nyimbo, ndipo anaiyimbitsa katatu, akumwetulira.

Akuluakulu anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankati chinthu chosalumbira sichingakhale mboni, ena ankati bola chomwecho chifukwa chilibe mbale woti chimukondere. Malume a mkazi wanga anafunsa ngati kutukwanako n'kumodzi kapena kumabadwa kwatsopano nthawi iliyonse mzungu akapukusa. Ine ndinapempha kuti andibwezere mawu anga ndikawakwirire. Womasulira anafunsa bwana wake, n'kutembenuka.

“Akuti phula ndi lawo, nyimbo ndi yawo, apita nayo kwawo kutsidya la nyanja. Koma mlandu ndi wanu.”

Mwamva chilungamo chimenecho? Mbuzi ya wina, chingwe cha wina, koma ikadya chimanga olipira ndine.

Pomaliza anagamula kuti bokosi ndi mboni yosanama, choncho popeza chipongwe chili m'menemo, kupepesa kulowenso momwemo, kuti azungu akutsidyako akamve zonse ziwiri. Womasulira anachenjeza kuti phula latsala pang'ono, ndifulumire. Koma munthu ungapepese apongozi mothamanga? Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinatchula ankhoswe mmodzimmodzi, kenaka ndinati zonse ndinayimba zija n'zoonadi kuti zinali zabodza, andikhululukire.

Mzungu anapukusa kuti timve. Bokosi linaomba m'manja, linatchula ankhoswe, kenaka linati, “Apongozi anga, zonse ndinayimba zija n'zoonadi.” Basi, phula linathera pomwepo.

Ndinakuwa kuti nonse munamva ndikumaliza. Malume aja anapukusa mutu, nati tagwirizana kale kuti mboni yosanama ndi iti.

Ukwati unapulumuka chifukwa mkazi wanga analephera kudzigwira, anaseka mpaka misozi, mayi akenso n'kutengera. Koma ndinalima munda wa apongozi ndekha dzinja lonse, iwo atakhala pachulu n'kumandiuza kuti ndiyimbe.

Chiyambire pamenepo sindiyimbira chinthu chilichonse chokhala ndi kukamwa. Ngakhale mtsuko ndimayamba ndauvundikira.