Masamba Amene Ndinatumiza ku Joni

Nkhani iyi ndinailemba m'kabuku kanga kobisa, ndinang'amba tsambalo, kenaka ndinalisokereranso ndi ulusi. Poti pa esiteti pano palibe amene sakuidziwa, ndi bwino muimve kwa mwiniwakene.

Nditatsala pang'ono kumaliza sukulu ya pamishoni, aphunzitsi anandipatsa chipepala chofunsira malo ku sukulu ina ya atsikana ku Joni, kumene amaphunzitsa uphunzitsi. Malo a ana ochokera kunja anali ochepa. "Ulembe mosamala, chipepala n'chomwechi," anatero. Ndinalemba masiku atatu (mawu alionse ndinkayamba ndawayesa pasileti), ndipo sindinadonthezepo inki ngakhale kamodzi.

Amayi, amene amathyola tiyi, anachiyang'ana chipepalacho chozondoka.

"Ndiye ukupempha malo kwa eniake chimanjamanja? Ife pobwera kuno kuchokera kwa Apwitikizi tinanyamula nkhuku."

"Amayi, nkhuku singalowe mu envulopu."

"Tiyi alowa."

Tiyi wa m'fakitale ife sitimukhudza, choncho m'mawa mwake amayi anapatula m'dengu mwawo nsonga zanthete, mame ali chonchobe. Ndisawanamizire amayi: amene anasankha zokongola ndine, amene anaziyala bwinobwino pakati pa chipepala ndinenso. Ndinkaganiza za mayi wachizungu akutsegula n'kumva fungo la kwathu. Ndinamata, ndinakapereka ku ofesi, kalata inakakwera sitima pa Khonjeni.

Yankho linabwera patapita miyezi iwiri. Tsono pa esiteti pano makalata amawerenga ndi a Nakoma, kalaliki wa pa ofesi. Loweruka masana amaima pakhonde, kutsegula kalata iliyonse n'kuiwerenga mokweza, poti ambiri sadziwa kuwerenga. Ine ndimadziwa, koma ndinachita manyazi kunena kuti "ndipatseni ndiwerenge ndekha."

"Ya mwana wa sukulu iyi, yachokera ku Joni," anatero a Nakoma, akukonza magalasi. Anthu anasendera. Iwo ankawerenga Chizungu chamumtima n'kumamasulira. "Akuti, talandira chinthu chanu. Chinafika chitachita nkhungu, mapepala atamatirirana, inki itasungunuka. Tawerenga dzina la kuseri kwa envulopu lokha."

Ndinayang'ana zala zakumapazi.

"Akutinso, masambawo sitikuwadziwa. Ngati ndi mankhwala okopera mitima, mudziwe kuti sukulu ino ndi yachikhristu."

Khonde lonse linagwa nako kuseka. Mayi wina wothyola tiyi mumzere umodzi ndi amayi anawagwira pamkono: "Anzanga, mankhwala oterewa mumabisa? Tigawireniko, bambo akunyumba anasiya kundiyang'ana chaka cha dzombe." (Amayi sanaseke. Anangomanga nsalu yawo mwamphamvu.)

A Nakoma anatsitsa magalasi. "Ine masambawo ndawadziwa. Iwe mwana, tiyi wa bwana anatuluka bwanji pa esiteti pano?"

Apa kuseka kunatha, chifukwa aliyense akudziwa zimene zimachitikira wothyola akapezeka watulutsa tiyi. Ine, amene m'kalasi ndimayankha mpaka aphunzitsi achite kuwerama kuti amve, ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.

"Anatuluka m'thumba la makalata, bambo. Limene mumamanga ndinu."

A Nakoma anandiyang'ana, anayang'ana chitseko cha bwana, n'kupinda kalatayo msangamsanga. "Tenga zako uzipita. Wotsatira ndani?"

Ndinatenga kalata yanga n'kumapita. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mu envulopu muja munalinso chipepala chatsopano, ndi mzere umene a Nakoma sanafikepo: ndiyesenso kamodzi kokha, mwezi uno usanathe.

Aphunzitsi atamva anagwira mutu. "Ulendo uno pepala lokha. Wamva? Lo-kha." Ndinavomera ndi mutu. Amayi nawo anapereka chigamulo chawo akusenda chinangwa: "Mphatso sinalakwe. Analakwa ndi mame."

Chipepala chachiwiri ndachilemba, chaudongo kuposa choyamba. Pamsika ana ayamba kunditchula Asing'anga a ku Joni, ndipo ndimangodutsa khosi lili chilili. Ndikudziwa kuti aphunzitsi akunena zoona, ndipo mwayi watsala umodzi. Koma anthu aja anatcha tiyi wa amayi anga mankhwala, ndipo zimenezo sindingazisiye choncho. Pamwala wa kuseri kwa nyumba pali nsonga zimene ndazifikisa m'manja, zakhala padzuwa masiku anayi, zauma gwa. Ndazisokera kathumba kakekake, ndi kapepala ka m'Chizungu koti ameneyu ndi tiyi, athire madzi owira.

Akandikana, andikane atamwa.