Komiti Imene Idalawa Katoni Yonse ya Felesiya

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga poopa kukumana ndi eni ake pamaliro, mudali msika, ndipo pamsikapo padali makomiti ambiri kuposa mabenchi.

Kudali komiti yoona za masikelo, ina yoona za ntchentche za pabutchala, inanso yoyang'anira makomiti anzake kuti asamayambane. Koma yoopedwa pa onse idali Komiti Yaikulu Yoona za Utsi, Fungo ndi Zina Zouluka mu Mpweya, imene Wapampando wake Wamuyaya adali a Zakeyu Chimbalanga. Komitiyi idakhazikitsidwa kalekale pofuna kuthana ndi utsi wa ootcha kanyenya, ndipo chikhazikitsireni, palibe membala wake amene adagonapo osalawa kanyenya.

Tsono kudabwera Felesiya Nambewe, mayi amene adatha zaka zambiri akuchapa zovala za eni ku Joni. Pobwerera kumudzi anzake adagula mabulangete ndi mawailesi, koma iye adaika thukuta lake lonse m'katoni imodzi. M'katonimo mudali ndudu zamagetsi zingapo, zotchaja ngati foni, ndi timabotolo tating'onoting'ono ta madzi othira m'nduduzo. Ukathira timadzito n'kukoka, m'kamwa mumatuluka nthunzi yonunkhira mango, nanazi, khofi, kapenanso zipatso zina zimene m'mudzimo munalibe adaonapo mtengo wake.

Nzeru yake idali yomveka. Timabotoloto tidali tolawitsa chabe. Akuluakulu osuta azilawa pamtengo wa chitumbuwa, iye aziona fungo limene lawakomera, kenaka aitanitse mabotolo akuluakulu a fungo lomwelo, poti phindu lenileni lidali kumeneko. Benchi adapeza yabwino, pamthunzi, pafupi ndi pokwerera kabaza. Mtima wake udali m'malo.

Sadagulitse ngakhale kamodzi. Nthunzi yoyamba yoonetsera itangokwera m'mwamba, a Chimbalanga adatulukira, mamembala ali pambuyo ngati anapiye.

"Mayi, ndani wakulolezani kufukiza anthu athu?"

"Ndi malonda chabe, a Tcheya. Ndalipira kale chiphaso cha msika."

"Chiphaso n'cha benchi. Zouluka n'zathu."

Pomwepo komiti idakhala pansi, ndiye kuti pabenchi ya Felesiya, iye ataimirira. Idagamula kuti mayiyo asagulitse kwa munthu aliyense kufikira kafukufuku atatha, ndipo kuti olawa akhale a komiti okha.

"Sitingalole anthu athu kukoka zinthu zimene ife atsogoleri sitinakoke," adatero a Chimbalanga dzanja lili pachifuwa. "Ngati muli imfa m'timabotolo umu, iyambire ife."

Felesiya adaganiza kuti n'za tsiku limodzi. Adathira mango, napereka ndudu ndi manja awiri. A Tcheya adakoka, natseka maso, natulutsa mtambo umene udaphimba Mlembi Wamkulu yense kutsala nsapato. Atatsegula maso adanena kuti nkhaniyi njozama, ifunika kuionanso mawa.

Tisawanamizire: a komiti sadali akuba. Tsiku lililonse ankalipira kabotolo koyamba pamtengo wake wa chitumbuwa uja. Tina tonse totsatira ankatitcha umboni, ndipo umboni sagula.

Kafukufuku adayenda mwadongosolo losiririka. Pa mango mamembala adagawanika, ena akuti ndi akupsa, ena akuti ndi anthete, motero adalawanso. Atafika pa nanazi zidadziwika kuti Msungichuma Wolemekezeka, mayi Dolofina Nagama, adali ndi chimfine chiyambire, mphuno zawo sizinkagwira ntchito. Pofuna chilungamo, komiti idayambiranso pa mango. Tsiku lina kudagwa mvula, ndipo Mlembi adakumbutsa anzake kuti fungo la nthawi ya mvula limasiyana ndi la padzuwa. Adakhazikitsa kakomiti ka zipatso ndi kakomiti ka khofi, ndipo anthu ake adali omwewo, kungosinthana mbali ya benchi.

Batire likatha, Felesiya ankathamanga yekha kukatchajitsa kwa wometa tsitsi, chifukwa ndudu yozima inkatengedwa ngati kusokoneza kafukufuku. Osuta enieni, amene iye adawabweretsera malondawo, ankangoima chapatali kukokera m'mphuno zotsala za atsogoleri awo.

A Chimbalanga adali atasiya fodya zaka zapitazo ndipo ankadzitama nazo pamisonkhano. Tsopano ankafika pamsika osesa asanafike, nkhope ili gwa, osayankha moni mpaka atakoka kaye.

"Ntchito imeneyi itipha," ankatero akutsokomola, "koma tidalumbira kutumikira anthu."

Felesiya zidamuwawa kwambiri. Ankaona katoni ikupepuka tsiku ndi tsiku, nakumbukira madzi ozizira a ku Joni amene adamusweratu zala. Ankadziwa bwino lomwe kuti akumudyera masuku pamutu, koma ukakangana ndi wogamula mlandu wako umapindulanji? Adayesa kumangirira timabotolo tingapo pansonga ya chitenje kuti tipulumuke. Mwatsoka, chimfine cha mayi Nagama chidali chitatha.

"Pali fungo la khofi likuchokera m'chiuno mwa mayiwa," adalengeza Msungichuma. "Achemwali, kubisa umboni ndi mlandu waukulu."

Felesiya adamasula timabotolo tija, misozi ili m'maso.

"A Tcheya, chonde, ingondiuzani. Ngati n'zoipa ndinyamule ndizipita, ngati n'zabwino ndigulitse. Katundu akutha."

"Mayi, mukufuna tigamule mothamanga, anthu afe, mlandu ukhale wathu? Fatsani."

Adafatsa, poti panalibe kuchitira mwina. Kabotolo komaliza kadali ka chipatso chimene ngakhale Felesiya sankachidziwa dzina. A Tcheya adati koteroko n'koopsa kwambiri, sangakapereke kwa mamembala okhala ndi ana aang'ono, ndipo adakamaliza okha mpaka ndudu idayamba kununkha chopserera.

M'mawa mwake msika wonse udaitanidwa. A Chimbalanga adavala jekete, nakwera pamwamba pa katoni yopanda kanthu ija, imene idaphwanyika nthawi yomweyo, nalankhula ali pansi.

"Komiti yanu, itagwira ntchito modzipereka, yapeza kuti malonda a mayi Nambewe akhoza kugulitsidwa kwa akuluakulu pamsika uno. Mayi, ndinu omasuka. Gulitsani!"

Anthu adaomba m'manja. Amayi ena adaimba nthungululu. Felesiya adayang'ana benchi yake, pamene padali ndudu zotopa ndi timabotolo touma, ndipo adasowa choti aseke kapena alire.

"Ndigulitse chiyani, a Tcheya?"

Apa Mlembi adadzuka mwaulemu kukumbutsa msonkhano lamulo lakale la msika, lakuti benchi yopanda katundu siigona, imapatsidwa kwa amene ali ndi katundu. Komiti idamva chisoni chachikulu. Mayi Nagama adapukuta maso. Koma lamulo ndi lamulo.

"Katundu wanga mwamwa ndinu!" adakuwa Felesiya.

"Mayi, samalani pakamwa. Komiti siimwa katundu. Komiti imafufuza."

Tsiku la msika lotsatira Felesiya adabwera kudzatenga nsalu yake yoyala imene adaiwala. Pabenchi paja adapeza bambo wina wonenepa bwino, amene aliyense ankamudziwa kuti ndi mlamu wawo wa a Tcheya. Patsogolo pake padandandalikidwa mabotolo akuluakulu onyezimira, a mango ndi khofi okhaokha, mafungo awiri amene komiti idawabwereza koposa. Panalibe zolawitsa. Mtengo wake udali wa nkhuku yathunthu, ndipo anthu adali pamzere, a komiti ali kutsogolo.

Felesiya adapinda nsalu yake pang'onopang'ono, nayandikira a Chimbalanga, amene adali chikhalire pampando akutulutsa mitambo.

"Pepani a Tcheya, ndingofunsa nawo. Bambowa kafukufuku wawo ayamba liti?"

A Tcheya adamuyang'ana modabwa, ngati munthu wofunsidwa chinthu chochititsa manyazi pagulu.

"Kafukufuku wachiyaninso, mayi? Zimenezi tidafufuza kale. Mukufuna timuthere katundu munthu wosalakwa?"