Tsiku Limene Ndinadula Pampu ya Alamu Ngati Mfuti

Anzanga, musaseke msanga, dikirani ndifotokoze kaye. Ine ndakhala ku usilikali zaka zambirimbiri, kutali ndi kwathu kuno kuchigwa, ndipo nthawi yonseyo dimba la kumunsi kwa Bangula ankalima ndi malemu mkazi wanga, Esinati. Ine ndinkangobwera patchuthi kudzakukuta mondokwa. Atatisiya ndinapuma ntchito n'kubwerera, ndiye mwambo wa Amang'anja mukuudziwa, dimba ndi la kuchikazi, mkamwini ndi mlendo. Mlongo wake wa malemu, a Zuze, anandiuza mwaulemu kuti, "Alamu, limani chaka chino tione. Likakukanikani tipatsa ana a mbumba."

Ine dimba limenelo sindinkafuna kulitaya. Chitsime cha pakona anakumba yekha Esinati, nthochi anabzala yekha, moti ndikalowamo m'mawa ndimangomva ngati wapita kukatunga madzi, abwera posachedwa.

Chimanga chitafika m'mawondo kunagwa mbozi zija zimadya pamtima pa phesi. Mayi Anjelina, a dimba loyandikana nalo, anandilangiza bwinobwino, akunditchula ndi udindo wanga wa ku usilikali: "Kopolo, phikani msuzi wa tinsomba, thiranimo shuga, musefe ndi kansalu, muike m'botolo loboola pachitsekero, muzidontheza phesi ndi phesi. Nyerere zikamva fungo zibwera kudzadya mbozizo."

Phesi ndi phesi? Ine, munthu woti ndakwerapo ndege? Ndinati ayi, zimenezo n'zachikale. Ndinapita kukabwereka pampu ya a Zuze yopopera thonje, yobereka kumsana ija, ndinaitsuka, n'kuthiramo msuzi wanga. Zosefa ndinaona ngati zotaya nthawi. Kodi msuzi si madzi?

Mizere iwiri yoyamba zinayenda, mpaka ndinayamba kuimba mluzu. Mzere wachitatu pampu ija inangoti tsii, tsii, kenako zii. Munthu wanzeru akanamasula kukamwa kwake n'kuchotsa timinga ndi mamba. Koma ine mutu unathamangira kubalaki.

Pajatu kumeneko ndinagwirapo m'nyumba yosungira mfuti, ndipo phunziro limene ndinalikonda kwambiri linali la kapaipi ka mpweya. Ndinaitana mayi Anjelina ndi amayi ena awiri amene ankapalira pafupi, n'kuyamba kuwaphunzitsa, dzuwa la ku Nsanje lili pamutu. Ndinati, "Amayi, mfuti ya msilikali ikawomba, mpweya wa onga suthera kutsogolo wonse. Wina umabwerera m'kapaipi ka pamwamba pa mpope, n'kukankha zitsulo kuti chipolopolo china chilowe chokha. Mfuti yaitali kapaipi kake n'kakatali, mpweya umafika utatopa, umakankha mofatsa. Yaifupi, imene amanyamula okwera m'galimoto zankhondo, kapaipi n'kakafupi, mpweya umafika ukadali wolusa, umakankha mwamphamvu. Ndiye vuto la pampu iyi n'lomwelo, paipi yatalika, msuzi ukufika utatopa."

Mayi Anjelina anatsamira khasu nati, "Kopolo, munasefa?"

Ndinati, "Mayi, izi n'zaukatswiri."

"Pyadidi," anatero m'Chisena, kutanthauza kuti chabwino, n'kukhala pansi pa nthochi, ngati munthu amene wapeza malo abwino oonera gule.

Ndinatulutsa mpeni, ndinadula paipi ya pampu ya eni ake pakati penipeni, kachidutswa ndinataya, kukamwa kuja ndinakulumikiza ndi mphira wa chubu cha njinga. Zimene ndinaiwala kuwauza amayi aja, komanso kudziuza ndekha, n'zoti mfuti yaifupi ija ndi imenenso imatentha msanga, kudya zitsulo ndi kulavulira utsi kumaso kwa mwini wake. Mbali imeneyo ya phunziro inali itasowa m'mutu.

Ndinabereka pampu, ndinayamba kupopa chogwirira, kamodzi, kawiri, kakhumi, mpaka chinalimba ngati mwala. Ndinafinya. Zii. Ndinapopanso, thukuta kamukamu. Ndinafinya. Zii. Ndiye apa, abale anga, ndinachita chinthu chimene msilikali amaletsedwa tsiku loyamba, asanapatsidwe n'komwe nsapato. Ndinatembenuza paipi ija, ndinatsinzina diso limodzi, n'kusuzumira kukamwa kwake, chala chili pofinyira.

Phuu!

Mphira unathothoka, kukamwa kuja kunandimenya pamphumi n'kuulukira m'dimba la eni, msuzi wonse wofunda unandithira kumaso, m'mphuno, m'makutu, m'malaya mpaka m'nsapato. Ndinabwerera chambuyo, pampu inandikoka, ndinagwa chagada, chivundikiro chinatseguka, wotsalawo unatsikira m'buluku. Amayi aja anayesetsa kudzigwira, ndimawathokoza, koma wina atangoti, "Wafika ukadali wolusa, Kopolo," onse anagwa pansi ndi phwete.

Mukuganiza zinathera pomwepo? Nyerere zimene ndinaziitanira mbozi zinabwera ndithu, mwamsanga, koma chakudya chinali ine. Ndinavula pampu n'kuthamangira kumtsinje, amayi akukuwa kumbuyo kuti, "Ng'ona, Kopolo! Mukununkha nsomba, ikuonani ngati ndiwo!" Ndinabwerera, n'kukatola pampu ija. Kuchitsime cha Esinati ndinaima kaye, koma mtima unakana kuti ndisambe msuzi pamadzi amene anthu amamwa.

Ndinauyamba wakunyumba. Wakabaza wina anaima, anandinunkhiza, nati, "Madala, ine ndimanyamula anthu, nsomba zili ndi mtengo wake," n'kupalasa. Ntchentche zinali pamutu ngati chipewa, agalu atatu pambuyo ngati ndine mkulu wa perete, ine ndikuyenda chovina chifukwa cha nyerere za m'buluku, pampu yodulidwa ili m'manja.

Ndipo ndani anali atakhala pakhonde panga? A Zuze.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ana pampu yawo, anayang'ana agalu. Ine mumtima ndinati basi, dimba lapita. Ndinagwada pomwepo nditanyowa choncho, ndinafotokoza zonse, za kapaipi komwe, osabisa kanthu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itapitirira ndinaona kuti sinalinso ya kuseka kokha.

Anati, "Alamu, mlongo wanga akudwala anandiuza kuti, mwamuna wanga akadzabwera mudzamupirire, adzafuna kulima ndi mutu. Ine ndinkaopa kuti mudzalisiya thengo dimba lija, muzingokhala pamsika. Koma munthu wolola kudyedwa ndi nyerere chifukwa cha chimanga, ameneyo sitimulanda munda. Limani. Koma pampu yanga, ngakhale kuipatsa moni, ayi."

Ndinathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, alamu," dzanja lina likukanda.

M'mawa mwake ndinali m'dimba ndi botolo loboola pachitsekero, msuzi wosefa kawiri, phesi ndi phesi ngati munthu, ndipo dimba likadali m'manja mwanga mpaka lero. Koma ndinalumbira, anzanga, ndipo inu ndinu mboni: nzeru za mfuti zitsale kubalaki. Mukadzandionanso ndikuyandikira chipangizo cha eni ake mpeni uli m'manja, musadzandifunse mafunso, mudzangondimanga ndi luzi pamtengo mpaka maganizowo atandichoka.